Mafunso ndi mayankho: zimene mayiko akuchita kuti mbiri ya wodwala izimutsatira kulikonse

Zipatala zambiri padziko lapansi zinayamba kale kusunga mbiri za odwala m'makompyuta. Chodandaulitsa n'chakuti kompyuta ya chipatala china nthawi zambiri siimvana ndi ya chipatala chinzake, ngakhale ziwirizo zikhale mumzinda umodzi. Wodwala akasamuka, mbiri yake imatsala. Dokotala watsopano amayambiranso kufunsa, magazi amayezedwanso, ndipo nthawi zina munthu amapatsidwa mankhwala amene anamuwengapo kale chifukwa palibe amene akudziwa. Nawa mafunso amene amabuka kawirikawiri pa miyezo ndi malamulo amene mayiko akukhazikitsa pofuna kuthana ndi vutoli.

Kodi akamati makompyuta a zipatala azimvana, amatanthauza chiyani?

Pali zinthu ziwiri, ndipo chovuta n'chachiwiricho. Choyamba, uthenga uchoke pa kompyuta iyi ukafike pa inayo. Chachiwiri, ukafika umveke mmene wotumizayo amafunira.

Tengani za shuga wa m'magazi. Mayiko ambiri amamuyeza mu mmol/L, pomwe ena monga United States amamuyeza mu mg/dL. Munthu amene wayezedwa asanadye n'kupezeka ndi 7 mu mmol/L, ndiye kuti ali ndi 126 mu mg/dL, ndipo apa ndi pamalire pamene madokotala amayambira kuganizira matenda a shuga. Tsono labotale ikatumiza 7 yekhayo osanena kayezedwe kake, kompyuta yozolowera mg/dL iona ngati shuga wamuthera munthuyo m'thupi moti watsala pang'ono kufa. Nambala yafika bwinobwino, koma tanthauzo latsala panjira. Madeti nawonso amasokoneza: 03/04 ku United States ndi pa 4 Malichi, pomwe ku Ulaya ndi pa 3 Epulo. Kwa mayi woyembekezera kapena mwana amene akudikira katemera wachiwiri, kusiyana kwa mwezi wathunthu si nkhani yaing'ono.

Bwanji boma silingogula pulogalamu imodzi yoti zipatala zonse zizigwiritsa ntchito?

Ku England anayesapo. Mu 2002 boma linayamba ntchito yaikulu yotchedwa National Programme for IT, yofuna kuti zipatala za NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo, zikhale ndi makina ofanana ogulidwa ku makampani ochepa. Mu 2011 linalengeza kuti likuithetsa, ndipo akuti inadya pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Zina mwa zimene anamanga zikugwirabe ntchito, koma mbiri imodzi yathunthu ya wodwala aliyense imene analonjeza sinatheke. Zipatala zimagwira ntchito mosiyanasiyana, ndipo madokotala ndi anamwino sanafunsidwe mokwanira asanapatsidwe makinawo.

Komanso ngakhale zikanatheka, mbiri ya munthu simakhala kuchipatala cha boma kokha. Ina ili ku labotale yoyima payokha, ina kogulitsira mankhwala, ina ku kampani ya inshuwaransi, ina kunja kwa dziko. N'chifukwa chake mayiko ambiri anasintha maganizo: aliyense agule makina amene akufuna, koma makina onsewo azitsata muyezo umodzi potumizirana uthenga.

Nanga miyezoyi amalemba ndani?

Amalemba ndi mabungwe oyima paokha, mmene mumakhala madokotala, akatswiri a makompyuta, makampani ndi nthumwi za maboma. Lodziwika kwambiri ndi HL7, limene linayamba mu 1987 ku United States. Muyezo wake wakale, HL7 version 2, ukugwirabe ntchito m'zipatala zambirimbiri mpaka lero. Uthenga wake mukauona ndi mizere ya zilembo ndi manambala olekanitsidwa ndi timizere toimirira. Mzere woyamba ndi zilembo PID umanyamula dzina la wodwala ndi tsiku lake lobadwa, woyamba ndi OBX umanyamula zotsatira za kulabotale. Koma muyezowu unasiya mpata waukulu woti aliyense aziwonjezera mizere yakeyake, moti kulumikiza zipatala ziwiri kumafuna akatswiri akhale pansi kumasulirana mzere ndi mzere. Version 3 inabwera kudzatseka mipata imeneyi, koma inali yovuta kwambiri kuiphunzira ndipo ambiri anaithawa.

Palinso DICOM, wa 1993, amene amayang'anira zithunzi za X-ray, CT ndi MRI. Uyu anafalikira kwambiri: makina ojambulira a makampani opikisana amamvana pafupifupi kulikonse. Bungwe la IHE, limene linayamba mu 1998, limalongosola mmene miyezo ingapo ingagwirire ntchito pamodzi, ndipo limasonkhanitsa makampani kuti ayese makina awo maso ndi maso.

Dzina la FHIR likumveka paliponse. N'chiyani chimenechi?

Ndi muyezo watsopano wa HL7, umene katswiri wa ku Australia, Grahame Grieve, anauyambitsa mu 2011. Maganizo ake ndi osavuta. M'malo motumiza chikalata chachikulu chokhala ndi zonse, mbiri ya wodwala imaduladula m'tizidutswa tokhala ndi maina odziwika. Kachidutswa ka Patient kamanena za munthuyo, ka Observation kamanena zimene zayezedwa, ka MedicationRequest kamanena mankhwala amene dokotala walemba, ka AllergyIntolerance kamanena zimene zimamuwenga. Tizidutswa totere tilipo pafupifupi 150, ndipo pulogalamu imatha kupempha kamodzi kokha kamene ikufuna, monga mmene mapulogalamu a pafoni amatengera zinthu pa intaneti.

Kope loyamba loyesera linatuluka mu 2014. Limene maboma ambiri analisankha ndi R4, lomwe linatuluka kumapeto kwa 2018, ndipo R5 inatsatira mu 2023. Zifukwa ziwiri zinathandiza kuti FHIR ifalikire msanga. Ndi yaulere, aliyense atha kuiwerenga ndi kuigwiritsa ntchito osalipira. Komanso wolemba mapulogalamu wamba, amene sanagwirepo ntchito kuchipatala, amaimvetsa pakangopita masiku ochepa. Mu 2018 kampani ya Apple inayamba kulola anthu kukokera mbiri zawo zakuchipatala mu iPhone pogwiritsa ntchito FHIR, ndipo apa anthu ambiri anaona koyamba kuti zinthuzi n'zotheka.

Ngati FHIR ilipo, SNOMED CT, LOINC ndi ICD n'zachiyaninso?

FHIR ili ngati envelopu yolembedwa bwino keyala. Kalata ya m'katimo imafunika chinenero chimene onse awiri akuchidziwa. Chinenerocho ndi manambala amene anagwirizana kuti aziimira matenda, zoyeza ndi mankhwala.

LOINC, imene inayamba mu 1994 ku Regenstrief Institute mumzinda wa Indianapolis, imapereka nambala kwa choyezedwa chilichonse. Shuga wa m'magazi woyezedwa mu mg/dL ali ndi nambala 2345-7, ndipo woyezedwa mu mmol/L ali ndi nambala yakenso. SNOMED CT inabadwa mu 2002 ataphatikiza mndandanda wa ku America ndi wa ku Britain, ndipo ili ndi mfundo zoposa 350,000 zimene dokotala angalembe zokhudza wodwala. ICD ndi ya bungwe la WHO ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuwerengera matenda ndi imfa, kuti ziwerengero za dziko lina zifanane ndi za dziko linzake. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri ndi E11 mu ICD-10, koma ndi 5A11 mu ICD-11.

Kusintha kuchoka pa mndandanda wakale kumatenga nthawi yaitali kwabasi. ICD-10 inavomerezedwa mu 1990, koma United States inayamba kuigwiritsa ntchito m'zipatala pa 1 Okutobala 2015. ICD-11 inavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ndipo mayiko akusamukirako pang'onopang'ono, lililonse pa nthawi yake.

Miyezo yakhalapo kuyambira 1987. N'chifukwa chiyani maboma akufunikabe kuikapo malamulo?

Ili ndiye funso lalikulu pa nkhani yonseyi. Muyezo umangonena mmene uthenga ungatumizidwire. Sukakamiza aliyense kuutumiza. Ndipo alipo ambiri amene amapindula uthengawo ukakhala wosayenda. Kampani imene yagulitsa makina ku chipatala imadziwa kuti chipatalacho sichingathawire kwa wina ngati kutulutsa mbiri za odwala kuli kovuta ndi kodula. Chipatala chochita malonda chimadziwa kuti wodwala abweranso ngati mbiri yake ili komweko basi. Zoyeza zobwereza, zimene zimapweteka thumba la wodwala, kwa wina ndi ndalama.

Zimene zinachitika ku United States zikuonetsa bwino zimenezi. Mu 2009 lamulo la HITECH linapereka ndalama zoposa madola 30 biliyoni zolimbikitsa zipatala ndi madokotala kusiya mapepala. Zinathekadi: mu 2008 zipatala zosakwana 10 pa 100 zilizonse n'zimene zinali ndi makina otere, koma patangopita zaka zosakwana khumi zinaposa 90 pa 100 zilizonse. Makompyuta anadzaza paliponse, komabe madokotala anapitiriza kutumizirana zikalata pa fax. Boma linali litalipira kugula makina, osati kugawana zimene zili m'makinamo.

Mu Disembala 2016 aphungu anakhazikitsa lamulo la 21st Century Cures Act, limene linaletsa kutsekereza dala mbiri za odwala. Malamulo ang'onoang'ono olitsatira anatuluka mu 2020, ndipo anatchula FHIR R4 ndi dzina kuti ndiyo njira imene makina ovomerezeka ayenera kutsegulira mbirizo. Chiletsocho chinayamba kugwira ntchito pa 5 Epulo 2021. Kampani yopanga makina kapena bungwe lolumikiza zipatala likapezeka likutsekereza, litha kulipitsidwa chindapusa chofika madola 1 miliyoni pa mlandu uliwonse. Makampani a inshuwaransi amene amagwira ntchito ndi boma nawonso analamulidwa kutsegula makomo awo, ndipo mu Disembala 2023 dongosolo la TEFCA, lolumikiza maukonde akuluakulu a dziko lonselo, linayamba kugwira ntchito.

Ine ndimaona kuti phunziro lake n'lomveka. Kumene mbiri za odwala zayamba kuyendadi, nthawi zambiri kumbuyo kwake kuli lamulo lokhala ndi tsiku lomaliza ndi chilango, kapena wolipira wamkulu amene wanena kuti sapereka ndalama pokhapokha uthenga ubwere mwa muyezo.

Ku Ulaya zikuyenda bwanji?

Ku Ulaya anayamba ndi kuteteza, kugawana kunabwera pambuyo. Lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, linaika nkhani za umoyo m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo chindapusa chake chimafika mayuro 20 miliyoni kapena magawo 4 pa 100 a ndalama zimene kampani yapeza pachaka. Kenako pa 26 Malichi 2025 linayamba lamulo la European Health Data Space. Lidzagwira ntchito m'magawo: kuyambira mu Malichi 2029 chidule cha mbiri ya wodwala ndi zikalata zogulira mankhwala ziyenera kuyenda pakati pa mayiko onse a mgwirizano wa European Union, ndipo mu Malichi 2031 zidzatsatira zithunzi, zotsatira za kulabotale ndi makalata otulutsira wodwala m'chipatala. Makampani opanga makina adzayenera kusonyeza kuti makina awo akutsata kalembedwe kamodzi asanawagulitse.

Sikuti akuyambira pachabe. Mu Januwale 2019 anthu a ku Finland anayamba kugula mankhwala ku Estonia ndi chikalata chimene dokotala wa kwawo analemba pa kompyuta. Estonia nayo ili ndi nkhokwe ya mbiri za odwala ya dziko lonse kuyambira mu 2008.

Nanga mayiko ena?

India inakhazikitsa Ayushman Bharat Digital Mission m'dziko lonse mu Seputembala 2021. Munthu amapatsidwa nambala ya manambala 14, mbiri zake zimatsala kumene zinalembedwa, ndipo zimayenda iye akavomera. Brazil ili ndi dongosolo lake logawanirana mbiri lotchedwa RNDS kuyambira mu 2020, Indonesia ili ndi lake lotchedwa SATUSEHAT kuyambira mu 2022, ndipo onse atatuwa anamanga pa FHIR. Germany, imene inachedwa kwa zaka zambiri, inayamba mu 2025 kutsegulira mbiri ya pakompyuta aliyense amene ali pa inshuwaransi ya boma pokhapokha atakana. South Africa inasindikiza ndondomeko yake ya miyezo mu 2014, ndipo Kenya inakhazikitsa lamulo la Digital Health Act mu 2023.

Kodi mayiko osauka, amene akusowa ngakhale mankhwala ndi anamwino, azitayiranji nthawi pa zimenezi?

Funsoli n'loyenera, koma vuto la kusamvana kwa makina limapweteka kwambiri kumene antchito ali ochepa. M'mayiko ambiri otere makina anabwera ndi mabungwe othandiza, lililonse ndi nthenda yake: pulogalamu ya HIV payokha, ya TB payokha, ya katemera payokha, ya amayi oyembekezera payokha. Mayi mmodzi amene ali ndi pakati, akumwa ma ARV komanso akutsokomola, amalembedwa katatu kapena kanayi. Namwino amene ali ndi mzere wautali panja amalemba dzina lomwelo, tsiku lobadwa lomwelo m'makina osiyanasiyana, ndipo pakutha pa mwezi amakhalanso pansi kuwerengera pamanja kuti atumize lipoti. Nthawi imeneyo yabedwa kwa odwala.

Zida zaulere zilipo. DHIS2, imene imayendetsedwa ndi University of Oslo, imasonkhanitsa ziwerengero za umoyo m'mayiko oposa 70. OpenMRS, ya 2004, imasunga mbiri ya wodwala aliyense payekha. Gulu la OpenHIE, limene linakula kuchokera pa ntchito ya ku Rwanda n'kukhazikitsidwa mu 2013, linajambula mapulani a mmene dziko lingalumikizire makina ake: kaundula mmodzi wa odwala, mmodzi wa zipatala, mmodzi wa antchito, ndi khomo limodzi lapakati podutsira uthenga. Bungwe la WHO nalo kuyambira mu 2021 likulemba malangizo ake a zachipatala m'njira yoti makompyuta atha kuwawerenga, ndipo linayamba ndi a chisamaliro cha amayi oyembekezera.

Chimene chimasowa kwambiri ndi unduna wolimba mtima woti uuze aliyense wobweretsa makina, kaya ndi kampani kaya ndi bungwe lothandiza, kuti muyezo wa dziko lino ndi uwu, ndipo osautsata asalowe m'chipatala. Dziko limene likuyamba kumene lili ndi mwayi umene mayiko olemera anauphonya, woika lamulo makina asanachuluke.

Munthu akadwala ali kunja kwa dziko lake, dokotala wa kumeneko angaone mbiri yake?

Kwa anthu ambiri yankho likadali ayi, koma njira yayamba kulambulidwa. Pali muyezo wotchedwa International Patient Summary, umene bungwe la ISO linauvomereza mu 2021. Ndi chidule chachifupi chonyamula zimene dokotala wachilendo afunika kudziwa msanga: matenda amene munthu ali nawo, mankhwala amene akumwa, ndi zimene zimamuwenga. Ziphaso za katemera wa COVID-19 zimene Ulaya inayamba mu 2021 zinasonyeza kuti dziko lina litha kutsimikiza chikalata cha dziko linzake, ndipo mu Juni 2023 WHO inatenga njira imeneyo kuti ikhale ya dziko lonse lapansi. Mu 2024 anthu oposa 250,000 ochokera ku Indonesia, Malaysia ndi Oman opita ku Hajj ku Saudi Arabia anapatsidwa makhadi a umoyo opangidwa motsatira muyezo wa chidulechi.

Mbiri yanga ikamayenda chonchi, sikuti zinsinsi zanga zili pangozi?

Ngozi ilipo, ndipo amene amanena kuti palibe sakukuuzani zoona. Makina akalumikizana, khomo limodzi lofooka limatsegula zambiri. Mu Febuluwale 2024 akuba a pa intaneti analowa m'makina a Change Healthcare, kampani yodutsitsa mabilu a zipatala ku United States, ndipo anthu pafupifupi 190 miliyoni anakhudzidwa. Mu Meyi 2021 bungwe la boma loyendetsa zipatala ku Ireland linazimitsa makompyuta ake onse litaukiridwa, odwala ambiri n'kubwezedwa. Kwa munthu amene ali ndi nthenda imene anthu amasala, kuululika kwa mbiri yake kungamuchotsetse ntchito kapena kumupasulira banja.

Palinso ngozi ina yosachita phokoso. Ku United States lamulo la HIPAA, la 1996, limamanga zipatala ndi makampani a inshuwaransi, koma wodwala akakokera mbiri yake mu pulogalamu ya pafoni imene wasankha yekha, nthawi zambiri lamulolo silifikako. Ufulu wotenga mbiri yanu umabwera ndi udindo woyang'anitsitsa amene mukumupatsa.

Anthu akataya chikhulupiriro, ntchito yonse imagwa. Ku England ntchito ya care.data, yofuna kusonkhanitsa pamodzi mbiri za odwala, inathetsedwa mu 2016 anthu atadandaula kuti sanauzidwe bwino kumene mbiri zawo zizipita. Ku Australia, boma litaganiza zotsegulira aliyense mbiri ya pakompyuta yotchedwa My Health Record pokhapokha atakana, anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anakana, ndipo aphungu anachita kukhwimitsa lamulo kuti apolisi asamaone mbirizo popanda chilolezo cha khoti. Chitsanzo chimene ine ndimachiyamikira ndi cha Estonia, kumene munthu amatha kulowa pa intaneti n'kuona dzina la aliyense amene watsegula mbiri yake ndi nthawi imene anatero. Lamulo latsopano la ku Ulaya limapatsa munthu ufulu wokana kuti mbiri yake igwiritsidwe ntchito pa kafukufuku, ndipo limaletsa kuigwiritsa ntchito potsatsa malonda kapena pomukweza mtengo wa inshuwaransi.

Kompyuta imadziwa bwanji kuti mbiri ziwirizi ndi za munthu mmodzi?

Kumene kuli nambala imodzi ya munthu aliyense, monga ku England ndi ku Estonia, n'kosavuta. Kumene kulibe, makina amayerekeza dzina, tsiku lobadwa ndi kumene munthu amakhala, ndipo amalakwitsa mbali ziwiri: kugawa munthu mmodzi kukhala awiri, kapena kuphatikiza awiri kukhala mmodzi. Kwachiwiriku n'koopsa kwambiri, chifukwa gulu la magazi la wina limalowa m'mbiri ya mnzake. Ku United States lamulo la HIPAA linafuna kuti pakhale nambala yotere, koma kuyambira mu 1998 aphungu akhala akuletsa boma kugwiritsa ntchito ndalama poipanga, poopa za zinsinsi.

Makina awiri onse akalembedwa kuti amatsata FHIR, ndiye kuti amvana basi?

Ayi. Ena ali pa R4, ena pa R5, ena akadali pa makope akale. Komanso FHIR yokha imasiya zinthu zambiri zosankha, ndiye dziko lililonse limalemba malangizo akeake onena kuti ndi zigawo ziti zimene siziyenera kusiyidwa zopanda kanthu, ndi mndandanda uti wa manambala umene ugwiritsidwe ntchito. United States ili ndi US Core, Britain ili ndi UK Core, Australia ili ndi AU Core. Makina otsata malangizo a dziko lina angafunike kukonzedwa asanagwire ntchito kwina.

Choncho woyang'anira chipatala kapena mkulu wa ku unduna amene akugula makina asakhutire ndi dzina la FHIR lolembedwa pa kabuku ka wotsatsa. Afunse kuti ndi kope liti, ndi malangizo a dziko liti, matenda ndi zoyeza zimalembedwa ndi manambala a mndandanda uti, ndipo makinawo amangotulutsa uthenga kapena amathanso kulandira. Apemphe kuti ayesedwe iye akuona, polumikiza ndi makina a labotale imene chipatala chake chimagwira nayo ntchito. Ndipo m'pangano logulira alembemo momveka kuti tsiku limene adzasiyane ndi kampaniyo, mbiri zonse za odwala zidzatulutsidwa mwa muyezo wodziwika, m'masiku angati, ndiponso pa mtengo wotani.